Lipoti la ntchito: kugula ndi kudzutsa vani ya positi ya Morris Minor ya 1967

Lipotili ndi la galimoto imodzi imene inakhala m'galaja mwathu ku Leicester kwa miyezi 14, kuyambira mu Marichi 2022 mpaka mu Meyi 2023. Ndi vani ya Morris Minor ya 1967, yofiira, ya gulu limene linkanyamula makalata ku Britain nthawi imene positi inali m'manja mwa General Post Office, imene anthu kuno amangoti GPO. Ndalemba zonse, ndi pamene ndinalakwitsa pomwe, chifukwa anzanga a umakaniko akhala akundifunsa kuti ntchito yotere imayambira pati, ndipo pafoni sindimaliza kufotokoza.

Mwini wake ndi chimene ankafuna

Mkulu amene anabwera ndi nkhaniyi anali ndi zaka 73. Analowa ntchito ya positi ali mnyamata mu 1968, ndipo zaka zawo zoyamba kugwira chiwongolero anazithera mu vani ya mtundu womwewu, akugawa makalata m'midzi ya kummawa kwa Leicestershire. Anabwera ndi mwana wawo wamkazi, amene ndiye ankasunga chikwama. Galimoto anali asanagule. Ichi ndinachiyamikira kwambiri, poti ambiri amatipeza atagula kale, chitsulo chili pa ngolo panja, n'kumati tichitepo zotheka.

Ndinawafunsa funso limene ndimafunsa aliyense: kodi galimotoyo mukufuna izikagwira ntchito yanji? Ena amafuna yokapikisana nayo ku zionetsero, ena yogulitsiramo khofi kapena maluwa, ena yonyamulira akwati.

"Ine ndikufuna ndikhalemo, nditseke chitseko, ndimve mmene chinkalirira," anatero mkuluyo.

Mawu amenewa ndinawalemba patsamba loyamba la kope la ntchito, ndipo ndi amene anadzatiweruza nthawi zonse pamene tinkasiyana maganizo pa zoti tisinthe ndi zoti tisiye. Tsiku lomwelo ndinawauzanso, mwana wawo akumva, kuti ndalama zimene adzawononge zidzaposa zimene vaniyo ingagulitsidwe. Ndinawalembera papepala, anasaina.

Morris Minor inatuluka mu 1948, mmisiri wake wamkulu ali Alec Issigonis, yemwe anadzapanganso Mini. Vani ndi pikiapu zinabwera mu 1953 ndipo zinapangidwa mpaka 1971. Wokonza ayenera kudziwa kusiyana kumodzi: pa kagalimoto ka banja, thupi ndi chasisi n'chinthu chimodzi, pomwe vani ili ndi chasisi yakeyake, ndipo kabu ya dalaivala ndi bokosi la katundu zimachita kumangidwa pamwamba pake ndi mabawuti, pakati pa ziwirizo pali labala. GPO inagula mavani amenewa oposa 50,000, ndipo panalibe kasitomala wina wofikapo. Ofiira anali a makalata, a Royal Mail. Obiriwira, ndipo kenako achikasu, anali a amisiri a matelefoni. Oyambirira anali ndi madigadi a kutsogolo a labala, nyali zitakhala pamwamba pake, kuti akakhula pachipata asapindike. Yathuyi ndi ya m'mbuyo mwake: madigadi achitsulo, galasi la kutsogolo limodzi, injini ya 1098cc.

Mavani awiri amene tinakaona

Yoyamba inali yosiririka. Penti yowala, korona ndi zilembo zachifumu zili m'mbali, matayala atsopano. Ndisanatulutse n'komwe tochi, mkulu uja anazungulira kumbuyo, anagwira chitseko cha bokosi, n'kupukusa mutu. Mavani a makalata ankaikidwa maloko owonjezera ndi waya wotchinga kuseri kwa mpando wa dalaivala, poti ankanyamula ndalama ndi makalata olembetsa. Apa panalibe loko wowonjezera, panalibe bowo lotsekedwa pamene lokoyo akanakhala, panalibe ngakhale chipsera cha bawuti imodzi ya waya uja. Ndinagwada n'kuunika pansi pa dashibodi, malo amene opentanso galimoto sakonda kufikako, ndipo penti yoyamba inali yotuwa. Nambala puleti yake nayo inali ya chigawo china, pamene m'zaka zimenezo GPO inkalembetsa magalimoto ake ku London, m'magulu a manambala otsatizana. Inali vani wamba yabwino ndithu, koma yovekedwa yunifomu ya eni ake. Wogulitsayo mwina nayenso anaigula choncho. Tinathokoza, tinachoka.

Yachiwiri tinaipeza m'shedi ya pafamu ina ku Lincolnshire, itakhala zaka zambiri osayenda. Pamwamba inali yofiira mwa burashi, pansi pa kufiirako panali buluu, pansi pa buluuyo kufiira kwina. Waya wotchinga unalimo, wopindika koma uli pamalo pake. Mpando unali umodzi wokha. Nditazimitsa nyali ya m'shedi n'kuunika tochi chopendekera m'mbali mwa kabu, mthunzi wa manambala unaonekera pansi pa penti: nambala imene GPO inkapatsa galimoto iliyonse ya m'gulu lake. Tinajambula nambala imeneyi, nambala puleti ndi nambala ya chasisi, n'kutumiza kwa anthu a Post Office Vehicle Club, kalabu imene imasunga mbiri ya magalimoto a positi. Safunsa anadya phula. Patatha masiku ochepa anatiyankha kuti manambalawo akugwirizana, vaniyo inalidi ya makalata.

Kudziwa kuti ndi yeniyeni ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo lili pansi. Pokaona galimoto yotere ndimatenga maginito, kanyundo, sikuludiraiva yakuthwa, tochi ndi jeke. Maginito amandiuza pamene pali fila, phala louma lodzazira mabowo, m'malo mwa chitsulo. Pa vaniyi anakana kumata m'munsi monse mwa madigadi a kumbuyo ndi m'makona a denga, pamene ngalande ya madzi a mvula imadutsa. Pansi panali patapakidwa phula lakuda lochindikala, ndipo wogulitsa anati chasisi ndi yolimba. Phula latsopano pa galimoto yakale limandichititsa mantha kuposa dzimbiri loonekera. Ndinapempha chilolezo chobaya. Sikuludiraiva inalowa yonse pamene sipuling'i ya kumbuyo imamangirira, mbali ya dalaivala, ndipo potuluka inatsakamula fumbi lofiira lodzaza dzanja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinawalangiza kuti agule, ngakhale zinali choncho, pa zifukwa ziwiri. Chitsulo chowola ndingathe kuchidula n'kuwotcherera china, ndipo zipangizo za Minor zikupangidwabe kuno. Koma waya uja, maloko aja, ndi nambala ya pansi pa penti, zimenezo sizigulidwa m'sitolo. Titamuonetsa wogulitsa bowolo anatsitsa mtengo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mapepala a kaundula wa galimoto, V5C, analipo ndipo nambala ya chasisi inkafanana ndi ya pagalimoto. Pakanapanda zimenezo ndikanati tisiye.

Kuphwasula, ndi zimene chasisi inatiuza

Ntchito ya manja ndinaiphunzirira m'magalaja a ku Ndirande, kuwongola malata ndi nyundo ndi kuwotcherera ndi gasi. Kwathu galimoto imafa ndi fumbi, maenje ndi kunyamula mopitirira muyeso. Injini ndi miyendo zimatha thupi likadali lamoyo. Kuno m'nyengo yozizira amamwaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo mcherewo umalowa ndi matope m'mabokosi a chasisi n'kuyamba kudya kuchokera m'kati. Pamene dzimbiri likuonekera kunja, ndiye kuti latsiriza kale ntchito yake. Zinanditengera zaka kuti maso anga azolowere kuyang'ana galimoto kuyambira pansi. Vani ya positi imavutika koposa, chifukwa inkatuluka m'bandakucha tsiku lililonse, mchere ukadali wauwisi pamsewu.

Tinachotsa bokosi la katundu, kenako kabu, chasisi inatsala yokha pa timipando tachitsulo. Bawuti iliyonse inalowa m'thumba lake lolembedwa, ndipo chigawo chilichonse tinachijambula tisanachimasule. Apa pakufunika masipanala a mitundu iwiri, poti pa Minor ya zaka zimenezi mabawuti ena ndi a muyeso wa Whitworth, ena a UNF. Mnyamata amene akuphunzira ntchito kwa ine anafuna kukakamiza sipanala ya mamilimita; ndinamuletsa asanaphe mutu wa bawuti yoyamba.

Chasisi itapalidwa ndi mchenga inaonetsa zoona zake. Malo omangirira masipuling'i a kumbuyo anali atatha mbali zonse ziwiri. Mtanda wapakati, pamene ma torsion bar amagwirira, unali wopyapyala ngati pepala kumapeto kwake. Ameneyu ndi wofunika kwambiri: kutsogolo kwa Minor kulibe masipuling'i opiringiza, kuli ndodo ziwiri zachitsulo zimene zimapotoka galimoto ikamadumpha, ndipo kulemera konse kwa kutsogolo kumathera pa mtanda umenewu. Panalinso zigamba zitatu zakale zimene wina anangoziika pamwamba pa chitsulo chowola. Chigamba chotero chimasunga madzi pakati, n'kuwoletsa malowo msanga kuposa kuwasiya poyera.

Tinakambirana zogula chasisi yatsopano. Ndinakana, popeza mbali yaikulu ya zitsulo ziwiri zazitali inali yabwino, ndipo ndinkafuna galimotoyo ikhalebe pa msana umene inabadwa nawo. Tinaimangirira pa tebulo lachitsulo, tinayeza chopingasa kuchokera kona kufika kona, n'kumadula malo amodzi, kuwotcherera, kuyezanso, tisanapite pena. Chitsulo chatsopano chinali cha kuchindikala kofanana ndi chakale, cholumikizidwa m'mphepete ndi m'mphepete, osati chosanjikiza. Pomaliza tinapopera phula lamadzi loteteza m'kati mwa mabokosi onse, n'kutsegula timabowo totulutsira madzi timene tinali titatsekeka ndi matope. Gawo limeneli lokha linatenga pafupifupi miyezi itatu.

Pamene ndinalakwitsa

Kabu inali itawola m'munsi mwa zitseko ndi m'tsinde mwa mzati umene mahinjesi amagwirira. Lamulo la ntchitoyi ndikulidziwa bwino: usanadule chitsulo chonyamula, wotcherera ndodo zopingasa pakhomo kuti malo a chitseko asasunthe, ndipo chitsekocho chikhale pomwepo ukamayeza. Mbali ya kumanzere ndinachita choncho ndipo zinayenda. Mbali ya dalaivala ndinali m'mbuyo pa nthawi, magalimoto ena akudikira, ndipo ndinadalira kuti denga ndi pansi zigwira. Ndinadula mtanda wa m'munsi ndi tsinde la mzati tsiku limodzi, chitseko chili pakhoma.

Titachibwezera, chinakana. Kumwamba chinkakhula, kumunsi kunatsala mpata wolowa chala, ndipo kuti chitseke unkachita kuchinyamula pang'ono n'kuchimenya. Mzati unali utagwera m'kati ndi mamilimita asanu ndi limodzi. Ndikanatha kubisa: kukulitsa mabowo a mahinjesi, kupala m'mphepete mwa chitseko, kudzaza mpata ndi labala yochindikala. Magalimoto ambiri okonzedwa akuyenda choncho. Koma ichi chinali chitseko chija cha patsamba loyamba la kope.

Ndinawaimbira foni mkuluyo n'kuwauza kuti ndalakwitsa, ndipo ndidula ntchito yanga yomwe, mwa ndalama zanga. Anabwera mawa lake, anayesa chitsekocho kawiri, n'kundiuza chinthu chimene sindinachiganizirepo. Wogawa makalata amatsika ndi kukwera maulendo osawerengeka tsiku limodzi, dzanja limodzi lili ndi mtolo wa makalata. Chitseko amachitseka ndi chigongono, osayang'ana. Chikafuna manja awiri, ndiye kuti si cha vani ya positi. Tinadula zowotcherera zonse, tinakankha mzati ndi jeke mpaka mpata unafanana kuzungulira, tinamanga ndodo zopingasa, n'kuwotchereranso chitseko chili pamalo pake. Masabata atatu anapita pamenepo.

Miyendo ndi mabuleki

Apa sindinalole kusunga chakale chifukwa cha chikumbutso. Pa miyendo ya kutsogolo ya Minor pali tizitsulo totchedwa trunnion, kumwamba ndi kumunsi, timene timazungulira pa mazinga ngati nati pa bawuti. Tikasowa girizi mazingawo amadyeka, ndipo tsiku lina mwendo umangovuka, tayala n'kugonera m'kati, kawirikawiri pokhota pang'onopang'ono. A kumunsi onse awiri anali ouma ndi ogwedera. Tinaika miyendo yatsopano ndi ma trunnion ake, malabala onse atsopano, ndipo mwini wake ndinamuonetsa ndi manja ake pamene girizi imalowera. Ndinawauza kuti azithira pa mamailosi 1,000 aliwonse.

Mabuleki ndi a madiramu mawilo onse anayi, a mainchesi 8 kutsogolo ndi 7 kumbuyo, opanda chowonjezera mphamvu, ndipo paipi ndi ya njira imodzi: ikaboola pamodzi, mabuleki onse apita. Masita silinda imakhala m'kati mwa chasisi, pansi pa mapazi a dalaivala, malo amene anthu amaiwala kuyang'ana. Yathu inali itagwira dzimbiri. Tinasintha iyo, masilinda a m'mawilo, mapaipi onse ndi zingwe za handibuleki. Mashuzi akale a mabuleki tinawachotsa titawanyowetsa, titavala zotchinga kumphuno, poti a zaka zimenezo ankakhala ndi asibesitosi. Fumbi lake si lopemerera ndi mpweya.

Ine ndinkafuna kuika mabuleki a madisiki kutsogolo, monga ambiri amachitira. Mkuluyo anakana. Anati phazi lawo likudziwa kulemera kwa pedulo imeneyo, ndipo sakufuna galimoto ina yovala thupi la yakale. Ndinalingalira kayendedwe kawo: misewu ya m'midzi, masana, bokosi lopanda katundu. Madiramu osamalidwa bwino amakwanira pamenepo. Ndinavomera, koma lamba wa pampando ndinati alowe, ndipo malo ake omangirira ndinawalimbitsa ndi chitsulo chowonjezera. Pa ichi sanatsutse.

Injini ndi magetsi

Injini ya Minor, yotchedwa A-series, ndi yosavuta, ndipo sinatipatse nkhani yaitali. Inali isanagwire, titathira oyilo m'masilinda n'kudikira sabata, inazungulira ndi dzanja. Silinda yachitatu inali yofooka poyeza mphamvu. Titatsegula tinapeza valavu yotulutsa utsi yopsa ndi maring'i omata, koma makoma a masilinda anali abwino moti kunola pang'ono kunakwanira. Tinaika maring'i, mabering'i, tcheni cha taiming'i, pampu ya oyilo ndi kilachi. Hedi tinaitumiza kukaikidwa mipando yolimba ya mavalavu, chifukwa injini zimenezi zinapangidwira petulo wa mtovu, amene anachoka pa mapampu wamba kuno mu 2000. Mpata wa mavalavu ndi 0.012 ya inchesi, wa mapointi 0.015, ndipo mapulagi amayaka motsatana 1-3-4-2. Kapaipi kafupi ka madzi ka pakati pa hedi ndi pampu tinakasintha hedi ikadali pansi, poti pambuyo pake kamavuta kufikira.

Petulo wa masiku ano ndi nkhani ina. Kuyambira mu Seputembala 2021 petulo wamba kuno ndi E10, wokhala ndi ethanol wochuluka, amene amadya malabala akale ndi kukoka madzi galimoto ikakhalitsa. Tinaika mapaipi opirira ethanol, tinatsuka thanki, tinamanganso kabuleta ndi pampu ya petulo, zonse za kampani ya SU, ndipo mwini wake amathira E5, petulo wa ethanol wochepa.

Mawaya onse anali ouma, nsalu yake ikuyoyoka, ena olumikizidwa ndi tepi ya m'nyumba. Tinachotsa onse n'kuika mtolo watsopano wokutidwa ndi nsalu ngati wakale. Dainamo ya Lucas tinaisiya, titaisintha maburashi. Galimotoyi ndi ya mtundu uja umene pozitivi ya batire ndiyo imapita ku thupi, ndipo ndinamata chenjezo pafupi ndi batire kuti wodzathandiza kulizira pamsewu asadzatembenuze zingwe.

Penti, ndi zimene tinazisiya dala

Mkangano waukulu unali apa, ndipo unali pakati pa ine ndi wopenta wathu, munthu waluso amene amanyadira galimoto yowala ngati galasi. Iye ankafuna kupala zonse mpaka chitsulo, m'kati ndi kunja, kudzaza paliponse, n'kupopera penti yamakono yonyezimira. Kunja ndinagwirizana naye pa kupala, chifukwa fila yakale inayenera kuchoka ndipo ngalande za denga tinali titaziwotcherera zatsopano. Mtundu tinautenga pa kufiira koyambirira kumene tinakupeza kosasuluka pansi pa labala ya pakati pa kabu ndi bokosi, n'kukuyerekeza ndi kufiira kwa nambala 538 pa mndandanda wa mitundu ya penti wa BS 381C, kumene kumadziwika kuti Post Office Red. Koma kunyezimira ndinati kuchepe. Mkuluyo ananena yekha kuti mavani a pa ofesi yawo ankatsukidwa, koma sankadzionerapo nkhope. Tinapopera penti yowala pang'ono chabe, ndipo timafunde ta m'mbali mwa bokosi, timene malata aakulu osalala amakhala nato, sitinatidzaze.

M'kati mwa kabu ndi mmene munali chuma. Tikutsuka khoma la pamwamba pa chitseko cha dalaivala, mnyamata wanga anaona zolemba za pensulo pa penti yoyambirira, pamalo amene burashi ya buluu ija sinafike: maina asanu ndi awiri a midzi, motsika, lililonse lili ndi nthawi pambali pake. Anali ndandanda ya kutsegula mabokosi a makalata, yolembedwa ndi dalaivala wina amene sitidzamudziwa. Midziyo si ya kumene mkulu wathu ankagwira ntchito. Komabe atawerenga anakhala chete nthawi yaitali, kenako n'kuloza mpata wa pakati pa mudzi wachinayi ndi wachisanu, umene unali wautali kuposa ina. "Apa ankamwa tiyi," anatero.

Malo amenewo tinawatchinga ndi pepala popenta, kenako tinawapaka vanishi wosawala. Tinasiyanso kulowa kwa m'kati mwa chitseko pamene bondo linkagunda, kusalala kwa pedulo ya kilachi, ndi mikwingwirima ya pa matabwa a pansi pa bokosi imene matumba a makalata anasiya. Matabwa awiri owola okha ndi amene tinasintha. Waya wotchinga tinauwongola ndi manja osaupentanso. Mpando tinausokanso ndi nsalu yatsopano chifukwa masipuling'i anali atatulukira, koma chimango chake ndi chakale.

Pa ichi ndili ndi maganizo olimba. Ndaonapo mavani a positi pa zionetsero okonzedwa mpaka kufufuta chizindikiro chilichonse chakuti munthu anagwiramo ntchito. Amakongola, koma amafanana onse. Galimoto ya ntchito mbiri yake ili m'malo amene inadyeka, ndipo wokonza akafafaniza malo amenewo sangawabwezenso. Malire amene ndimatsata ndi awa: chilichonse chimene chimanyamula, kuimitsa, kuwongolera kapena kuyaka moto chikhale chatsopano kapena cholimba ngati chatsopano, chimene chinangodyeka ndi dzanja, bondo ndi thumba chikhale mmene chilili. Wopenta wathu sanagwirizane nane mpaka lero, ngakhale ntchito yake anaigwira bwino kwambiri.

Korona, zilembo zachifumu ndi dzina la Royal Mail zili ndi eni ake, choncho tisanaziike tinafunsanso a kalabu ija za njira yoyenera, komanso za kukula ndi malo ake enieni. Nambala ya m'gulu tinailemba pamene mthunzi wake unali, titaujambula pa pepala loonekera tisanapale.

Mapepala ndi kuyesa pamsewu

Kuno galimoto yopitirira zaka 40 ikhoza kulembetsedwa m'gulu la magalimoto akale, osalipira msonkho wa pamsewu, ndipo kuyambira mu 2018, ngati sinasinthidwe kwambiri, siikakamizidwa kupita ku MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu. Ife tinapita nayo. Chasisi ndinawotcherera ndine, mabuleki ndinamanga ndine, ndipo maso a munthu wina amene alibe chifukwa chondikondera amafunika. Inapambana, woyezayo atangotiuza kuti tikweze pang'ono nyali ya kumanzere.

Mamailosi 60 oyamba ndinayendetsa ndekha. Oyilo ankakankha ndi mphamvu ya pafupifupi mapaundi 60 pa sikweya inchesi injini itatentha, madzi sanawire, chiwongolero chinali chopepuka monga Minor imadziwikira. Zotsala zilipo ziwiri ndipo ndinazilemba pa pepala lopereka galimoto. Kumbuyo kwa injini kumadontha kadontho ka oyilo ikaima, chifukwa injinizi zilibe silo ya labala pamenepo, zili ndi mazinga obweza oyilo. Ndinawauza kuti aziyala katoni ndi kuyang'ana muyeso sabata iliyonse. Giya yachiwiri imalira ukailowetsa mothamanga kuchokera pa yachitatu. Giyabokosi sitinaitsegule, tinangoitsuka ndi kusintha oyilo, ndipo tinagwirizana kuti tidzaione m'nyengo yozizira galimoto ikadzaima. Ntchito yonse inatenga maola pafupifupi 640, osawerengera masabata atatu a chitseko aja.

Tsiku lopereka, mkuluyo anafuna kudutsa njira yawo yakale. Mpando ndi umodzi, choncho ine ndi mwana wawo tinkatsatira pambuyo pa galimoto ina. Giya yoyamba ya Minor ilibe sinkiro, kachitsulo kothandiza giya kulowa mosakhula, ndipo ndinali nditakonzeka kuwakumbutsa kuti asailowetse galimoto ikuyenda. Panalibe chifukwa. Pa mphambano yoyamba ndinamva injini ikukwera kamodzi pakati pa kuponda kilachi kawiri, giya n'kulowa mwakachetechete. M'mudzi wachiwiri anaima pa bokosi la makalata lomangidwa m'khoma la mwala, anatsika, anayenda masitepe atatu, n'kubwerera. Pokwera anakoka chitseko osachiyang'ana, chinatseka kamodzi.

Anabweranso nayo atayenda mamailosi 500. Tinamanganso mabawuti a hedi, tinayeza mavalavu, tinasintha oyilo, tinakokera mabuleki a kumbuyo amene anali atakhazikika. Girizi pa ma trunnion anali atathira kale okha.